Benchi ya Olakwa

Pasukulupo panali benchi imodzi imene aliyense ankaidziwa. Inkakhala pakhonde, pafupi ndi chitseko cha ofesi ya ahedi, ndipo mwendo wake umodzi unali waufupi moti anachita kuuikira njerwa pansi. Ankaitchula kuti benchi ya olakwa. Mwana akavuta m'kalasi, mphunzitsi ankangoloza kukhomo ndi choko n'kunena kuti, "Kubenchi!" Mwanayo ankakakhala pamenepo mpaka belu lilire. Ana ambiri ankapitako misozi ili chuchuchu. Mmodzi yekha ndiye ankapitako ngati munthu wopita kuntchito.

Ameneyo anali Chigayo, mnyamata wa m'kalasi yachinayi, wamng'ono thupi koma phokoso la anthu khumi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, ndipo sanalakwitse, chifukwa akangoyamba sankadziwa posiyira. Ankaimba desiki ngati ng'oma. Aphunzitsi akatembenukira kubolodi, iye ankalira ngati mphaka. Ankabisa nsapato za atsikana, ndipo tsiku lina anayankha funso la masamu ndi mawu a ahedi enieni, kutsokomola kwawo ndi zonse, kalasi yonse n'kufa nalo phwete. Aphunzitsi ake, amene ana ndi makolo omwe ankangowatchula kuti Madamu, anali atayesa zonse zimene mphunzitsi amayesa. Anakalipa mpaka mawu kusasa. Anamukhazika kutsogolo, anamukhazika kumbuyo, anamusesetsa bwalo. Zonsezo zinkathera kubenchi.

Cha pakati pa teremu yomaliza, ahedi anaitana Madamu ku ofesi. Ahedi anali bambo wachikulire wofatsa, amene ankaiwala magalasi awo paliponse, koma tsiku limenelo nkhope yawo inali itauma.

"Madamu, makolo a ana ena abweranso. Akuti ana awo sakuphunzira chifukwa cha mwana mmodzi. Ine ndatopa n'kupepesa. Ndikadzangomupezanso pabenchi apo, basi, atenge makope ake azipita."

"Azipita kuti, Ahedi?"

"Sukulu zilipo zambiri."

Madamu ankadziwa kuti kwa Chigayo sukulu ina kunalibe. Mayi ake, amene ankasita zovala pamalo ena ochapira m'tauni, anali atanena kale kuti mwanayo akadzachotsedwa pano, adzamupereka kwa amalume ake azikatsuka nawo magalimoto. Sananene mwankhanza ayi. Ananena ngati munthu amene mphamvu zamuthera.

"Chabwino," anatero Madamu. "Ine sindimutumizanso kubenchi."

"Inuyo? Amene mwachita kumupatsa benchiyi ngati yake?"

"Ineyo."

Atatuluka mu ofesimo anamupeza mwini benchi ali pamalo pake, chifukwa anali atamuthamangitsa m'mawa womwewo. Ahedi anatuluka pambuyo pawo n'kumuuza mwanayo mawu omwe aja osachotsera: lero ndi lomaliza, akadzakhalanso apa sukulu yathera pomwepo. Chigayo anagwedeza mutu mwaulemu kwambiri. Madamu anauyamba wa kukalasi, koma atafika pakona ya khonde anatembenuka, ndipo zimene anaona zinawaimitsa.

Mwana uja anali phee, atakhala mowongoka, manja ali pamaondo. Posakhalitsa kunadutsa aphunzitsi a zamasewera, amene onse ankawatchula kuti a Wezulo chifukwa wezulo sinkachoka m'khosi mwawo.

"Bwana Chigayo! Muli pa ofesi lero? Mwapalamula chiyani?"

"Ndinangolira ngati mphaka, Sala."

"Talira ndimve."

Chigayo analira. A Wezulo anaseka mpaka kugwira khoma, n'kumusisita m'mutu. Kenako kunadutsa aphunzitsi a kalasi yoyamba, n'kumutuma kuti popeza akungokhala, akawatengere choko. Anathamanga, anabwera nacho, anauzidwa zikomo. Nthawi ya buleki itakwana, ahedi omwe aja, amene anali atangomuopseza kumene, anasuzumira pakhomo chitsulo cholizira belu chili m'manja.

"Iwe, popeza uli pafupi, takaliza belu."

Belu la pasukulupo linali limu yakale ya tayala la lole yopachikidwa pamtengo pakati pa bwalo. Chigayo analiliza nkhope ikuwala, ndipo ana mazanamazana anatuluka m'makalasi chifukwa cha dzanja lake.

Madamu anamva manyazi ndi mkwiyo nthawi imodzi. Kodi chilango chake n'chimenechi? M'kalasi mwawo munali ana odzaza mpaka kukhomo, ndipo mwana wokhala chete ankatha kufika Lachisanu dzina lake osatchulidwa. Pabenchi pano ndi pamene Chigayo ankapatsidwa moni ndi akuluakulu, kutumidwa, kuthokozedwa, kenako n'kupatsidwa belu. Sukulu yonse inali ikumulipira chifukwa chovuta, ndipo womulembera ntchitoyo tsiku ndi tsiku anali Madamu omwewo. Anakumbukira zimene anaphunzira kukoleji, zimene analemba pamayeso n'kuziiwala, zoti khalidwe lili ngati mbewu ya m'dimba, limene ukulithirira ndi limene limakula.

Tsiku lomwelo, aphunzitsi akumwa tiyi m'chipinda chawo, Madamu anaimirira.

"Anzanga, ndili ndi pempho. Chigayo akadzapezeka pabenchi, pasapezeke womulankhula. Osamuseka, osamukalipira, osamutuma. Muzingodutsa. Koma mukamadutsa pakalasi yanga n'kumuona akulemba, pamenepo ndiye muzisuzumira n'kumupatsa moni. Ndipo Ahedi, ndikupempha kuti chitsulo cha belu chizikhala patebulo langa. Akagwira bwino ntchito lero, buleki ya mawa aliza ndi iyeyo."

A Wezulo anaika kapu pansi. "Ndiye kuti wakuba tizimupatsa makiyi? Mwana wosamva mankhwala ake amadziwika, Madamu. Ife tinakula nawo, taonani tili bwinobwino."

"Mankhwala amenewo kwawo amamwa tsiku ndi tsiku, Sala. Akanakhala ochiza bwenzi atachira kalekale."

"Nanga ana abwinowa, amene sanavutepo n'kamodzi komwe? Iwo belu adzaliza liti?"

Funsolo linali loona, ndipo Madamu sanalizembe. "Belu lowerukira likhale lawo, azisinthana. La buleki nalonso, tsiku limene iye walephera, aliza ndi iwo. Nawonso ndawaiwala nthawi yaitali, ndikudziwa."

Ahedi anasakasaka magalasi awo, anawapeza pansi pa nyuzipepala, n'kuwayang'ana bwino Madamu. "Chitsulo tengani. Koma mawu anga aja sindinabweze."

Mawa lake, ana asanalowe, Madamu anamuitana Chigayo patebulo n'kumuonetsa chitsulo chija. Anamuuza mwachidule. Akakhala pampando wake ndi kumaliza ntchito ya tsikulo, belu la mawa ndi lake. Akalephera, mawa aliza wina, iye adzayesenso. Ndipo akangolipata, palibe angamulande, ngakhale atadzuka ndi mutu woipa bwanji.

"Ngakhale ahedi?" anafunsa mwanayo.

"Ngakhale ahedi."

Chigayo anayang'ana chitsulocho, anayang'ana Madamu, n'kuseka ngati munthu amene waona msampha.

Amene akuganiza kuti zinthu zinasintha pomwepo sanaphunzitsepo ana. Zinaipiraipira. Mphaka uja atalira koyamba Madamu osatembenuka, analira kachiwiri mokweza. Atalephera, anasanduka galu, kenako tambala. Desiki inaimbidwa mpaka choko kugwa pabolodi. Chigayo anali ngati munthu wogogoda pachitseko chimene chimatseguka masiku onse, lero chakana, ndiye akuchimenya ndi mapazi omwe. Mawu oti "Kubenchi!" ankafika pamlomo pa Madamu, iwo n'kuwameza. Ankaweruka nsagwada zikuwawa chifukwa cholumana mano.

M'malo mwake anayamba kulankhula zimene sankalankhula kale. "Mzere wa pawindo watsegula makope, ndakuonani." "Iwe wakumbuyo, wakweza dzanja osakuwa, zikomo." Anauza kalasi kuti mzere umene upitirize kulemba mphaka akamalira ndi umene uyambe kutuluka pa buleki. Ana sachedwa kuwerengera phindu lawo. Posakhalitsa mphaka ankalira yekha popanda womuseka, ndipo mphaka wopanda omvera satenga nthawi kutopa.

A Wezulo akakumana nawo pakhonde ankafunsa, "Ziweto zanu zadzuka bwanji, Madamu?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Sala."

Tsiku lina m'mawa, phokoso litamukanika, Chigayo anatola pensulo n'kulemba deti pamwamba pa tsamba. Deti yokha basi. Madamu anali atadikira kanthu kakang'ono ngati kameneko masiku onsewo, ndipo sanalole kuti kazizire. Anafika pa desiki yake pensulo isanatsike.

"Chigayo, walemba deti mowongoka, ndipo wayamba wekha. Ndaona."

Mwanayo anacheuka kumbuyo kuti aone ngati kuli Chigayo wina. Kenako analemba funso loyamba, akuwayang'ana m'mbali. Tsiku limenelo sanamalize ntchito, koma patapita masiku angapo anamaliza, ndipo mawa lake anatuluka ndi chitsulo chija ataika paphewa ngati mfuti. Analiza belu bwinobwino, n'kubweza chitsulo patebulo ndi manja awiri.

Sikuti anasanduka mngelo. Tsiku lina nsapato ya mtsikana wina inapezeka pamwamba pa kabati. Madamu sanakuwe. Anamuuza motsitsa mawu kuti aitsitse ndi kuibweza kwa mwini wake, ndipo belu la mawa lake analiza wina. Chigayo anatupa tsiku lonse, koma pampando sanachoke. Ahedi nawonso anazolowera kusuzumira pawindo n'kunena kuti, "Bwana Chigayo, tikugwira ntchito?" Ngakhale a Wezulo, amene ankati zonsezi n'zachibwana, tsiku lina anamveka akumuuza kuti akamaliza masamu akawathandize kupopa mpira. Benchi ya olakwa inayamba kuchita fumbi mbali imene iye ankakhala.

Kenako kunabwera sabata imene inayenda bwino kuyambira Lolemba. Lachinayi Chigayo anamaliza masamu onse, anakhoza ambiri, ndipo anabwereketsa mnzake rabala popanda kumugenda nayo. Madamu mtima unadzaza. Anaganiza za mayi uja wosita zovala, amene nthawi zonse ankabwera pasukulupo mutu uli pansi, ndipo anafuna kuti kamodzi kokha adzamve zabwino kuchokera pakamwa pa mphunzitsi. Anafunanso kuti zikhale zodzidzimutsa, kuti adzaone nkhope yawo ikusintha. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Belu lowerukira litalira, ana akukankhana pakhomo, Madamu anakuwa pamwamba pa phokosolo.

"Chigayo, belu la mawa ndi lako. Ndipo ukawauze amayi ako abwere mawa, ndikufuna ndionane nawo."

Anali akufufuta pabolodi, choncho sanaone mmene nkhope ya mwanayo inagwera.

Lachisanu Chigayo analowa mochedwa, akuyenda mokoka miyendo. Sanayang'ane munthu. Madamu anapatsa ana ntchito n'kuyamba kuzungulira, ndipo atafika pa desiki yake anaona mizere yotupa kumbuyo kwa miyendo yake, m'munsi mwa kabudula. Anawerama.

"Chachitika n'chiyani?"

"Madamu, dzulo ndinalakwa chiyani?"

"Sunalakwe chilichonse. Unachita bwino kwambiri."

"Nanga amayi mwawaitanira chiyani?"

"Kuti ndiwauze zomwezo, zoti ukuchita bwino."

Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, maso ali gwa, osagwetsa msozi.

"Ndiye andimenyera kuchita bwino."

Madamu anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana. Chimangidwire sukuluyo, panalibe kholo limene linaitanidwapo kudzamva zabwino. Kuitanidwa kunali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo kholo lanzeru linkayamba lalanga mwana kunyumba kuti likafike ku ofesi ndi poyambira kupepesa. Madamu ankazidziwa zimenezi ngati wina aliyense. Chimwemwe ndi chimene chinawaiwalitsa.

"Ndalakwa ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndinayenera kukuuza chifukwa chake. Pepa."

Koma pepa sachiza bala. Chigayo anamenya desiki ndi zibakera zonse ziwiri, kamodzi, kawiri, kenako mosalekeza. Uku sikunali kuimba ng'oma kwa masiku aja kofuna kuseketsa anthu. Anakankhira makope ake pansi, anaimirira, n'kupita kukhomo. Pakhomopo anatembenuka n'kuwayang'ana Madamu, kudikira kuti akuwe. Madamu sanakuwe. Mwanayo anatuluka, anayenda khonde lonse, n'kukadzikhazika yekha pabenchi ya olakwa.

"Madamu, wapita kubenchi!" anakuwa ana a pawindo.

"Ndaona. Pitirizani funso lachitatu."

Chitseko cha ahedi chinali chotseka, koma ahedi anali mkati, ndipo chitseko sichikhala chotseka mpaka kalekale. Miyendo ya Madamu inkafuna kuthamanga, kukamugwira dzanja, kumukokera m'kalasi, kumunyengerera, kumukalipira, chilichonse. Koma ankadziwa kuti akatero ndiye kuti benchi yapambananso. Mwanayo aphunzira kuti malo amene akuluakulu amamuthamangira ndi omwe aja, ndipo ngakhale apulumuke lero, mawa abwererako. Ankayenera kudzukapo yekha. Ankadziwanso kuti akachedwa kudzuka, Lolemba adzakhala akutsuka magalimoto, ndipo mlandu udzakhala wa iwo amene anaitana kholo osanena chifukwa.

Anatsegula chitseko cha kalasi kuti chikhale pululu, n'kupitiriza phunziro mokweza mawu.

Pakhonde panatulukira a Wezulo, mpira uli m'khwapa. Ataona amene ali pabenchi, pakamwa pawo panatseguka pokha monga mwa masiku onse. Anayang'ana kukalasi yachinayi n'kukumana maso ndi Madamu. Bambo uja anatenga wezulo yake n'kuiika m'kamwa, osaiimba, kungoiluma kuti mawu asatuluke, n'kudutsa ngati pabenchipo palibe munthu. Chigayo anawatsatira ndi maso mpaka anakhota.

Nthawi ya buleki inakwana. Mtsikana wina wa kutsogolo, amene ankaliza belu masiku ena, anakweza dzanja.

"Madamu, nthawi yakwana. Ndikalize?"

"Ayi, mwanangu. Belu la lero lili ndi mwini wake." Madamu ananena mokweza kuti mawu afike kumapeto kwa khonde. "Analigwirira ntchito dzulo, ndipo palibe angamulande."

Anatenga chitsulo chija n'kukachiimika panja, potsamira khoma la kalasi yawo, pamene aliyense wa pakhonde akanachiona. Sanayang'ane kubenchi. Anabwerera kubolodi. M'makalasi ena munayamba kumveka phokoso la ana amene mimba zawauza kuti nthawi yakwana, ndipo aphunzitsi ena anayamba kusuzumira m'mawindo akuloza mawotchi awo. Madamu anachita ngati sakuwaona.

Pamenepo ndi pamene mayi ake a Chigayo analowa pageti. Anali atavala epuloni ya kuntchito, akuyenda mothamanga ngati munthu amene wapemphako kanthawi kochepa kwa abwana. Atangokwera pakhonde anamuona mwana wawo pabenchi paja, ndipo mapewa awo anagwa. Madamu anatuluka msanga n'kukakumana nawo asanamufike.

"Pepani, Madamu, pepani," mayiyo anayamba asanapatsidwe n'komwe moni. "Ndamulanga kale, musavutike. Dzulo ndamukwapula ndi lamba mpaka dzanja langa kuwawa. Ndikumufunsa walakwa chiyani, akuti sindikudziwa, ndiye ndinawonjezera za bodzalo. Mundipepesereko kwa ahedi, wangotsala pang'ono kumaliza teremu..."

"Mayi, tandimverani."

"Ine ndayesetsa, Madamu, Mulungu akudziwa. Bambo ake kulibe, ndimachoka m'mamawa..."

"Mayi!" Madamu anawagwira dzanja. "Mwana wanu sanalakwe. Sanakunamizeni. Ndinakuitanani kuti ndikuuzeni kuti sabata yonse ino wakhala pampando wake. Dzulo wamaliza masamu onse, ndipo ambiri wakhoza. Anabwereketsa mnzake rabala. Belu limene sukulu yonseyi imatulukira pa buleki, masiku ambiri amaliza ndi iyeyo, chifukwa amaligwirira ntchito. Ndinkafuna mumve zimenezi kuchokera kwa ine. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinamuuze chifukwa chake."

Ananena zonsezi akuyang'ana mayiyo, osati mwanayo, koma mawu aliwonse ankafika pabenchi. Mayi aja ankaoneka ngati akufunafuna pamene pabisala mlandu m'mawuwo.

"Ndiye... palibe chimene waswa?"

"Palibe."

"Sanamenye munthu?"

"Sanamenye munthu."

"Mwandiitanira zabwino?"

"Zabwino zokhazokha."

Mayiyo anayang'ana miyendo ya mwana wawo. Anakhala pansonga ina ya benchi yomweyo, njerwa ija n'kugwedezeka. Anaphimba nkhope ndi epuloni. "Mayo ine," anatero. "Anandiuza kuti sakudziwa. Anandiuza."

Chitseko cha ofesi chinatseguka.

"Kodi belu lero latani?" Ahedi anatuluka akuyang'ana wotchi, kenako anakweza maso. Anaona mayi akulira, Madamu ataima, ndi Chigayo pabenchi ya olakwa. Zimene Madamu ananena anali atazimva, pakuti chitseko chimenecho sichinabisepo mawu. Madamu sanapemphe chilichonse. Anangowayang'ana m'maso ahediwo, osaphethira.

Ahedi anatsokomola. Anasisita m'matumba a jekete, lamanja ndi lamanzere.

"Magalasi anga aja ndawasiyanso mkati," anatero. "Popanda magalasi ine sindiona kanthu. Ndikawapeze kaye. Ndikatuluka ndidzaone bwino amene wakhala pabenchi yangayi."

Magalasiwo anali pamphumi pawo. Analowa n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Madamu anatembenuka n'kuuyamba wa kukalasi. Sanamuitane mwanayo, sanamukodole. Kuyenda khonde limenelo osacheuka kunawavuta kuposa kumeza mawu kwa masabata onse aja. Anadutsa chitsulo chija pamene chinatsamira, analowa, anatola choko, n'kuima pabolodi osadziwa choti alembe. Ana onse anali duu, makosi atasololokera kuwindo.

Panapita kanthawi. Kenako kunamveka kuguguda kwa njerwa, ngati benchi yapepukidwa mbali imodzi. Kunamveka mapazi okoka pasimenti, akubwera, akuima pakhomo. Chitsulo chinakhula khoma.

Belu linalira. Kumenya koyamba kunali kwaukali, kolimba moti mbalame zinabalalika mumtengomo. Kwachiwiri chimodzimodzi. Kenako dzanja linafatsa, ndipo belu linalira mmene limalirira masiku onse. Zitseko zinatseguka, ana anakhamukira pabwalo akukuwa, osadziwa n'komwe kuti chinachedwetsa buleki yawo n'chiyani. Madamu anatulutsa ana awo mzere ndi mzere.

Atatulukanso pakhonde anapeza ahedi ataima pakhomo pawo, magalasi ali pamphuno tsopano, akuyang'anitsitsa benchi.

"Ine ndikuona kholo lokha apa," anatero ahedi. "Mayi, takulandirani." Kenako anatembenukira kwa Madamu n'kutsitsa mawu. "Magalasiwa sindidzawaiwalanso kawiri."

"Ndamva, Ahedi."

Chigayo anabwera kuchokera pabwalo chitsulo chili m'manja. Anachipereka kwa Madamu osawayang'ana.

"Wadzuka wekha pabenchi paja, ndipo belu waliza," anatero Madamu. "Ndaona. Buleki ikatha utole makope ako, timalize masamu aja. La Lolemba likudikira."

Mwanayo anagwedeza mutu pang'ono. Madamu anatembenukira kwa mayi aja, amene anali ataimirira akupukuta m'maso.

"Tsopano ndi nthawi yanu, mayi."

"Ndinene chiyani, Madamu? Ine zimenezi sindinazolowere."

"Nenani zimene mwaona. Nenani pompano, zisanazizire."

Mayiyo anasendera pafupi ndi mwana wawo n'kukweza dzanja. Chigayo anabisa mutu m'mapewa n'kutsinzina, mkono uli kale kumaso. Dzanja la mayi ake linaima m'malere. Madamu anaona nkhope ya mayiyo ikuphwanyika poona zimenezo, koma dzanjalo silinabwerere. Linatsika pang'onopang'ono n'kutera pamutu pa mwanayo.

"Ndalimva belu lako, mwanangu," anatero mayiyo. "Waliza bwino."

Chigayo anakhalabe chotsinzina, mapewa ali m'mwamba, kudikira chotsatira. Panalibe chotsatira. Dzanja lija, lokhakhala ndi zipsera za simbi, linangokhala pamutu pake mpaka mwanayo anatsitsa mkono n'kutsegula maso.